Mungu wa Kudambo

Zaka za moyo wanga zimandisokonekera ndikafuna kuzindandalika. Nyengo ndi zimene ndimakumbukira bwino: iyi inali ya mphepo, iyo ya mvula yoyamba, inayo ndinkapuma bwino. Midzi ndi matauni omwe ndinakhalamo anafanana kwambiri, moti lero ndimatha kutenga chitsime cha mudzi wina n'kuchiika m'mudzi wina osazindikira. Anthu okha ndi omwe sindiwasokoneza.

Ndinafika mumzinda woyamba ndili mtsikana, mayi anga atangomwalira. Unali mzinda wa misewu yotakata, yokhala ndi mitengo uku ndi uku. Ndinapeza ntchito yosesa mumsewu. Ankatipatsa aliyense tsache la mtengo wautali, ndi wilibala imodzi anthu atatu. Otiyang'anira anali mayi ena aafupi a mawu aakulu, a Nangozo.

“Uziyamba waona kumene mphepo ikuchokera,” anandiuza tsiku loyamba. “Uipatse msana. Ukasesa moyang'anizana nayo, zonse wasesazo uzidya wekha.”

Nyengo yozizira yonse ndinasesa bwinobwino. Kutayamba kufunda, mitengo ya jakaranda inachita maluwa. Anthu a magalimoto ankaima n'kumajambulitsa pansi pake. Kwa ife inali ntchito yowonjezera, chifukwa maluwawo akapondedwa ndi matayala ankamatirira paphula, tsache n'kumangodutsa pamwamba.

Chapamenepo ndinayamba kuyetsemula. Poyamba anzanga ankaseka, akumawerenga mokweza: kasanu, kasanu n'kawiri, kakhumi. Maso ankayabwa ngati mwalowa mchenga, mphuno n'kumachucha madzi oyera. Ndinkayesa chimfine, koma chimfine chimatha pa sabata, pomwe ichi mwezi unatha chikadalipo. Kenako chinatsikira m'chifuwa. Ndikamapuma, mkati munkalira kamluzu kakang'ono, ngati muli mwana wa mbalame.

M'mawa wina ndinakhala pansi m'mphepete mwa msewu, tsache lili pamiyendo. Mpweya unkalowa koma sunkafuna kutuluka. A Nangozo sanafunse zambiri. Anakhuthula maluwa omwe anali muwilibala, anandikweza mmenemo, n'kundikankha mpaka kuchipatala chaching'ono cha kuseri kwa msika. Kumeneko anati ndi mphumu. Anandibaya jakisoni, anandipatsa mapiritsi, madzulo ake n'kunditulutsa.

“Ndi maluwawa,” anatero a Nangozo tikubwerera. “Ndinawaonapo anthu ena otere. Pita kumene kulibe jakaranda, mwanawe. Ntchito ya tsache ili paliponse.”

Anandiperekeza kudepoti atasenza kathumba kanga. Basi itatsala pang'ono kunyamuka anagogoda pawindo.

“Ubwera liti?”

“Maluwa akatha.”

“Amabweranso chaka chilichonse,” anatero, n'kubwerera kuntchito.

Basi inanditsitsa pamalo popanda mtengo ndi umodzi womwe, ndipo mtima wanga unakhala pansi. Inali esiteti yaikulu yolima chimanga cha mbewu. Ndinadzala nawo, ndinapalira nawo, ndinathira nawo feteleza, chifuwa chili zii. Chimangacho ankachidzala mwanjira yakeyake: mizere inayi ankaitcha yaikazi, wachisanu wamphongo. Chikafika m'mapewa, ntchito yathu inali yozula ngayaye m'mizere yaikazi zisanatseguke, kuti ndevu za chimangacho zilandire mungu wa mizere yamphongo yokha. Mungu ndinkaudziwa kuyambira ndili mwana, ufa wachikasu uja umakugwera ukadutsa m'munda. Sindinkaganiza kuti ungakhale nane pamlandu.

Mumzere woyandikana ndi wanga munkayenda bambo ena aatali, osalankhulalankhula, a Lameki. Ataona kuti ndikuthothola masamba pamodzi ndi ngayaye, anaoloka kudzandionetsa.

“Gwirani apa, mayi, pakhosi pake. Musapotoze. Kokani mowongoka, muimva ikuti thu.”

Ndinakoka, inati thu. Anagwedeza mutu n'kubwerera mumzere wawo. Masana ankadya chinangwa chothira uchi wa m'kabotolo, ndipo patapita masiku anayamba kundigawirako.

Kenako ngayaye za mizere yamphongo zinatseguka. Mame akangouma, kamphepo kakawomba, pamwamba pa munda wonse pankayenda utsi wachikasu. Tsiku loyamba ndinayetsemula. Lachiwiri maso anatupa. Lachitatu ndinagwada pakati pa mzere, chimanga chitandizinga mbali zonse, osatha ngakhale kuitana. A Lameki anangoona kuti mumzere wanga mapesi asiya kugwedezeka. Anandibereka mpaka kumsewu, anandisukusula ndi madzi a m'chigubu chawo, n'kukhala nane mpaka thalakitala ya paesitetipo itabwera kudzanditenga.

Nditatuluka m'chipatala anadzandiona.

“Kwathu kulibe minda yotere,” anatero akuyang'ana pansi. “Kuli dambo, kuli mtsinje, kuli ming'oma yanga ya njuchi. Mphepo yake ndi yozizira. Mwina mukhoza kukapumako bwino.”

Ndinawafunsa ngati akundiitanira mphepo yokhayo. Anati ayi. Malume anga anabwera kudzakhala nkhoswe, ndipo popeza kwathu kunalibenso munda woti tikalime, a Lameki ananditenga chitengwa.

Tinafika kumudzi kwawo anthu akukolola. Nyumba inali pachitunda, dambo lili m'munsi, lalitali mpaka kumene maso amalekezera. Udzu unali utauma kale, amayi akumweta wofolerera nyumba. Ndinkatsika kumtsinje ndi ndowa, n'kukwera chitunda osaima panjira. Apongozi anga, omwe maso awo anali atayamba kuchita khungu, ankandizindikira ndi mayendedwe, ndipo ankati ndimayenda ngati munthu wochedwa basi.

A Lameki anandiphunzitsa njuchi. Anandiphunzitsa kufika pamng'oma kuchokera kumbuyo, kufukiza utsi pang'onopang'ono, kusakupiza manja ngakhale imodzi itatera pachikope. Ankakonda kukhala pafupi ndi khomo la mng'oma n'kumayang'ana zobwera.

“Onani miyendo yake,” ankatero. “Yachikasuyo yachokera kumthethe. Yofiirayo sindikudziwa, koma kuseri kwa phiri kuli china chomwe chachita maluwa.”

Timipira ta mungu tija ndinkatiyang'ana mosaopa. Njuchi zinkadutsa nato pamphuno panga penipeni, ine osayetsemula.

Mvula inagwa, tinadzala. Dambo linabiriwira, udzu n'kukula mpaka kubisa ng'ombe. Khirisimasi itadutsa, udzuwo unatulutsa mitu. M'mawa dzuwa likamatuluka, pamwamba pa dambo pankaoneka kankhungu kopyapyala komwe sikanali ka madzi. Kamluzu kanabwerera m'chifuwa mwanga, ndipo chitunda chija ndinayamba kuchikwera mopumira katatu.

Apongozi anayesetsa. Ankandimwetsa uchi m'mawa uliwonse, anandifukiza masamba a bulugamu nditafunda bulangeti, anaitana amayi a kutchalitchi kudzapemphera. Ena pamudzipo ankanong'ona kuti pali munthu amene sanakondwere ndi ukwati wathu. Udzu utauma ndinachira, ndipo aliyense anati mankhwala ake ndi omwe agwira.

Chaka chachiwiri nyengo ija inandipeza ndili ndi pakati. Tsiku lina ndikuchapa kumtsinje, chifuwa chinatsekeka, ndinalephera kupuma. Anandikweza pangolo, koma mlatho unali utamira, choncho tinazungulira njira yakutali, a Lameki akuyenda pambali atagwira phazi langa. Tinafika kuchipatala dzuwa litapendeka. Ine ndinapulumuka. Mimba inapita padera.

Chaka chachitatu, mvula yoyamba itangogwa, ndinamanga katundu wanga. A Lameki anandipeza ndikumanga, anakhala pampando n'kumandiyang'ana.

“Tiyeni tonse,” ndinatero.

“Amayi ndiwasiyira yani? Maso awo ndi amenewa mukuwaonawa. Nanga njuchi, zikwera basi?”

“Ndikakhala, chaka chino mundiika m'manda.”

“Ndikudziwa. N'chifukwa chake sindikukuletsani.”

Anandiperekeza mpaka kumsewu waukulu, kathumba kanga kali panjinga. Galimoto itaima, anagwira chitseko.

“Mubwera liti?”

“Udzu ukauma.”

Ndinabweradi chilimwe choyamba, ndi chachiwiri chomwe. Chachitatu kuntchito anandikaniza. Chachinayi ndinachita manyazi chifukwa cha chachitatu. Kenako kunabwera kalata ya malume yonena kuti apongozi anamwalira, ndipo ankhoswe akhala pansi n'kugwirizana kuti a Lameki akwatirenso, poti munthu sangakhale yekha pakhomo mpaka kalekale. Sindinatsutse.

Zaka zotsatira ndinayenda. Tauni iliyonse yomwe ndafika, ndinkayamba ndayang'ana mitengo ndisanafunse za ntchito. Ndinakhalapo m'tauni ya pansi pa phiri, kumene amayi ankaswa miyala ndi nyundo m'mphepete mwa msewu. Anandiphunzitsa kufunafuna mtsempha wa mwala, chifukwa ukamenya pamtsempha mwala umagawanika wokha. Kumeneko maso sankayabwa, koma fumbi lake linandipatsa chifuwa china, chouma, ndipo ndinachoka. Ndinakhalapo m'tauni ya pamphambano, kumene madalaivala a malole ankapumira, ndikuchapa nsalu za pabedi m'nyumba ya alendo. Kumeneko ndinaona kuti miyezi ina ndikamapinda nsalu zoanulidwa panja ndinkayetsemula, koma zoumira m'nyumba ayi. Ndinayamba kuyanika zovala zanga m'chipinda, chifukwa chake osachidziwa. Kunalinso tauni ina yotentha ya m'chigwa, ya nzimbe ndi udzudzu, imene sindinakhalitseko. Ndimangokumbukira kuti pochoka ndinadzisenzera ndekha kathumba, ndipo palibe anandifunsa kuti ndibwera liti.

Mzinda womaliza ndinaufika imvi zitayamba. Mwina unali woyamba uja utangokula, mwina unali wina. Misewu yake inali yotakata, ya jakaranda uku ndi uku, koma osesa omwe ndinawafunsa za a Nangozo anangopukusa mitu. Ndinapeza ntchito yokolopa masitepe m'nyumba ina yosanja, momwe ankaphunzitsiramo za udokotala.

M'mawa wina kutayamba kufunda, ndikukolopa sitepe yomaliza, ndinapeza chitseko cha padenga chili chotsegula. Panja panali mayi ena a magalasi, atagwada pafupi ndi chitsulo chonga mphika, chokhala ndi mchira womwe unkatembenuka ndi mphepo. Ndinafuna kupereka moni, koma m'malo mwake ndinayetsemula kasanu n'kanayi. Mayiwo anadikira mpaka nditamaliza.

“Mwayamba liti, amayi?”

“Dzana. Ndi jakaranda, adokotala. Amandichita chonchi kuyambira kale.”

“Jakaranda sanayambe,” anatero. “Taonani pansipo.”

Ndinasuzumira. Mitengo ya mumsewu inali yopanda duwa ndi limodzi lomwe.

“Koma dzana ndi tsiku lomwe mitengo ya mabulosi inayamba kutulutsa mungu. Bwerani muone.”

Awa anali a Dokotala Kachingwe. Anandifotokozera kuti chitsulo chija chimakoka mpweya nthawi zonse, monga momwe munthu amapumira, ndipo mkati mwake muli katepi komata komwe kamagwira chilichonse chouluka. Anadula kachidutswa, anakaika pakagalasi, n'kundiuza kuti ndisuzumire m'makina oonera tinthu tosaoneka ndi maso. Ndinaona timipira tambirimbiri, tina tosalala, tina taminga, tina tokhala ndi kabowo kamodzi ngati diso.

“Maluwa okongola mungu wawo ndi wolemera, amautumiza ndi njuchi,” anatero. “Ovuta ndi omwe anthu sawatcha n'komwe maluwa: a udzu, a chimanga, a mabulosi. Amenewo alibe wowatumikira, ndiye amangowaza mumphepo, wochuluka, kuti wina ukagwere poyenera. Wotsalawo ndi umene timapuma ife.”

Tsiku lina anandidonthezera timadzi ta mungu wosiyanasiyana pamkono, n'kubaya pang'ono ndi kasingano padontho lililonse. Patapita mphindi zochepa, pa udzu panatupa ngati pandiluma mavu. Pa chimanga panatupa, pa mabulosi panatupa. Pa jakaranda panali see. Ndinauyang'ana mkonowo nthawi yaitali. Ndinali nditathawa mtengo wosalakwa n'kukadzipereka m'munda wa chimanga, kuchoka apo n'kukakwatiwa m'mphepete mwa dambo.

“Mukulira, kapena ndi mabulosi?” anafunsa adokotala.

“Zonse,” ndinatero.

Anandipatsa mankhwala opopera m'kamwa, ena a tsiku ndi tsiku, ena a pomwe zavuta, ndipo anandiuza kuti ndiziyamba nyengo isanafike. Patapita miyezi anapempha kuti ndizithandiza padenga. Ndinaphunzira kusintha katepi kaja osakakhudza ndi chala, kutsuka timagalasi, kenako kuwerenga timipira mzere ndi mzere. Maso anga anazolowera. Ndinkasiyanitsa mungu wa paini, wokhala ndi mapiko awiri ngati makutu, ndi wa bulugamu, wa ngodya zitatu, ndisanaganize n'komwe.

Pachipata cha nyumbayo tinkapachika chikwangwani m'mawa uliwonse: chobiriwira mungu ukachepa, chachikasu ukakwera, chofiira ukachuluka. Poyamba anthu ankangodutsa. Kenako anayamba kuima. Panali mphunzitsi wina yemwe ankati chaka chilichonse mawu amamuthera mwezi womwewo. Panali wakabaza yemwe maso ake ankafiira moti okwera ankamuyesa woledzera. Adokotala akatanganidwa, ndinkawayankha ndine. Ndinkawauza kuti tsiku lofiira atseke mawindo m'mawa, akafika kunyumba asambe kumaso ndi m'mutu, zovala ayanike mkati. Ndinkawauzanso kuti mvula yabata imatsuka mpweya, koma chimphepo chomwe chimatsogolera mvula ya mabingu n'choyenera kuchibisalira m'nyumba.

Ndinadziwa chaka cha mzindawo monga mlimi amadziwira munda wake. Nyengo yozizira mpweya unali woyera, kupatula utsi wa mbaula. Kukamafunda mitengo inkayamba, wina kutsatira unzake. Mvula yoyamba inkatipatsa mpumulo wa masabata angapo. Kenako udzu wa m'mapoloti osamangidwa, wa m'mbali mwa njanji, ndi chimanga chomwe anthu amadzala paliponse pali dothi, zinkapachikitsa chofiira mpaka nthawi yokolola. Ndinapeza chipinda pakati penipeni pa mzinda, pomwe pali simenti yokhayokha, ndipo ndinakhala malo amodzi zaka zambiri osamanga katundu.

Foni inalira masana ena, mvula itagwa kale kangapo. Anali mawu a mayi amene sindinkamudziwa.

“Ndine Nabiyeni, mkazi wa a Lameki. Nambala yanu ndaipeza kwa ana a malume anu. Bambo anagwa kumunda mwezi watha, mbali imodzi inafa. Akulankhula, koma movutikira. Sananene kuti ndikuitaneni. Ndangoona ndekha kuti ndi bwino mubwere.”

Ndinakawauza adokotala. Anatsegula mabuku a zaka zam'mbuyo, anayang'ana tsiku lomwe mvula inayamba, n'kuwerenga ndi zala.

“Kuno udzu uyamba pakatha masabata awiri. Kudambo mwina ufulumira. Ndinganene kuti muli ndi masiku khumi. Mutenge mankhwala onse awiri, ndipo muziuyang'ana udzuwo m'mawa uliwonse. Mukaona mitu yatuluka, musachite kutsanzika nyumba ndi nyumba. Chipatala chili patali bwanji?”

“Mlatho ukamira, ndi tsiku lathunthu.”

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, koma sanandiletse.

Ndinatsika basi pamsewu waukulu wa kwa a Lameki n'kukwera kabaza. Udzu wa m'mbali mwa njira unkandikwapula m'miyendo, wobiriwira, wopanda mitu. Titayandikira chitunda, udzuwo unangotha mwadzidzidzi. Kuyambira panjira mpaka kunyumba, kuzungulira nkhokwe, kutsika mpaka kumtsinje, ponse panali potchetcha bwino, malo aakulu kuposa bwalo la mpira. Chakumunsi kunali mayi wina atawerama ndi chikwakwa. Atandiona anaweramuka, anapukuta manja pachitenje, n'kubwera kudzandilandira chikwama.

“Mwafika, akulu. Ndine Nabiyeni.”

Tinapatsana moni wonse, wa kunyumba ndi wa m'njira. Kenako ndinafunsa za udzuwo, ngati pakubwera msonkhano.

“Ndi ntchito ya bambo imeneyi,” anatero. “Chaka chilichonse mvula ikagwa amatchetcha, ukaphuka amatchetchanso, mpaka dzinja litatha. Anthu amati amaopa njoka. Ine ndinazindikira chaka chachiwiri nditakwatiwa kuti akuyembekezera munthu. Chaka chino sangathe, ndiye ndati ndiwatchetchere, asamaone udzu ali gone pakhonde.”

“Simunakwiye nazo?”

“Ndinakwiya zaka zitatu. Kenako ndinaona kuti pakhomo pano udzudzu ndi wochepa. Ndinangozisiya.”

A Lameki anali pamphasa pakhonde, atatsamira khoma. Anali atachepa. Mbali imodzi ya nkhope inali itagwa, koma maso anali omwe aja. Ndinagwada n'kuwagwira dzanja lomwe linali lamoyo.

“Mwabwera udzu usanaume,” anatero pang'onopang'ono.

“Ndabwera usanayambe.”

Masiku amenewo ndinkakhala nawo pakhonde kuyambira m'mawa. Nabiyeni akaphika, ine ndinkawadyetsa. Iye akawasambitsa, ine ndinkachapa. Ming'oma inali itatsala itatu, ndipo ndinakaifula ndine, Nabiyeni akundigwirira utsi chapatali chifukwa njuchi ankaziopa. Ndinawafotokozera a Lameki za chitsulo cha padenga, za timipira ta mapiko ndi ta diso limodzi, za mkono wanga womwe unatupa. Ankamvetsera atatsinzina. Nditawauza kuti mungu womwe njuchi zimanyamula si umene unkandidwalitsa, anamwetulira ndi mbali imodzi.

“Ndinkaopa kuti ndi njuchi zanga,” anatero.

Tsiku lachisanu ndi chiwiri anafunsa funso lomwe ndinkadziwa kuti afunsa. Analoza ndi chibwano malo otchetcha aja.

“Inu mwaphunzira. Tandiuzani. Mukanabwera, zikanathandiza?”

Ndinayang'ana dambo. Linali lalitali monga kale, mphepo ikuchokera komweko. Ndikanatha kunena kuti inde. Nabiyeni anali pakhomo la khitchini, atasiya kusadzula nkhwani, ndipo ndikuganiza kuti ankafuna ndinene choncho. Koma bambowa sanandinamizepo, ngakhale tsiku lomwe ndinkamanga katundu.

“Pang'ono pokha,” ndinatero. “Mungu wa udzu umauluka mtunda wautali. Wa kudamboku ukanandipeza pakhonde pomwe pano.”

Anatembenuzira maso kudambo. Ndinayamba kudziimba mlandu.

“Ndinkaganiza choncho,” anatero pomaliza. “Ndinkauona m'mawa ukukwera chitunda. Koma dambo lonse sindikanalitha. Ndinkatchetcha pomwe chikwakwa chikufika.”

M'mawa wa tsiku lachisanu ndi chinayi, Nabiyeni anabwera kuchokera kumtsinje ali ndi ndowa pamutu ndi kaudzu kamodzi m'manja. Anakaika pamphasa patsogolo panga. Kanali katatulutsa mutu, wofewa, wonyezimira.

“Wakabaza ndamuitana kale, akulu,” anatero.

Ndinatsanzika mwachidule monga anandiuzira adokotala. Pofika pamsewu waukulu maso anali atayamba kuyabwa, ndipo ndinapopera mankhwala kawiri basi isanabwere.

A Lameki anakhala moyo dzinja lonse ndi masika onse. Nabiyeni ankaimba foni Lamlungu lililonse n'kuwaikira pakhutu. Ndinkawauza mtundu wa chikwangwani chomwe tapachika sabata imeneyo, iwo n'kumandiuza zomwe njuchi zikubwera nazo. Mawu awo ankachepa sabata ndi sabata, moti chakumapeto ndinkangomva kupuma kwawo, ine n'kumalankhulabe. Anamwalira pakati pa nyengo yozizira. Pachipata pathu panali chobiriwira sabata yachitatu.

Ndinapita. Ndinakhala m'nyumba ya siwa pamodzi ndi Nabiyeni, ndinaperekeza nawo maliro mpaka kumanda, ndinakhalapo mpaka tsiku lometa, osayetsemula ndi kamodzi komwe. Anthu atabalalika, tinatsala awiri pakhonde tikutonola chimanga.

“Anthu akuti Mulungu ndiye amasankha tsiku,” anatero Nabiyeni. “Sindikutsutsa. Koma bambo aja anafooka kalekale, chimanga chisanaume. Ankangondifunsa m'mawa uliwonse ngati kudambo udzu wauma, anthu ayamba kumweta. Tsiku lomwe ndinati ayamba, anamwa phala lonse, n'kundiuza kuti ndisese bwino chipinda cha alendo.”

Ndinaika pansi chimanga chomwe chinali m'manja mwanga. Anandisunthira dengu pafupi, tinapitiriza kutonola. Ndinakhala kumeneko mwezi wathunthu.